Danga lachinayi m'buku langa la shuga

Lachiwiri lapitali ndinayamikiridwa pagulu. Kwa munthu wa msinkhu wanga zimenezi sizichitika kawirikawiri, choncho ndiloleni ndidzitame kaye ndisanakuuzeni chimene chinandiwawa.

Linali tsiku lathu la odwala shuga ku kiliniki kuno ku Chawama. Amene munafikako mukudziwa mmene timakhalira: benchi lalitali, anthu osalawa kanthu chidzukire, aliyense atagwira buku lake pamwendo ngati ana a sukulu odikira aphunzitsi. M'bukumo timalemba nambala imene kamakina kopimira shuga kamationetsa tikadzibaya pachala. Makadi osindikizidwa amene ankatipatsa kale anatha, ndiye aliyense amagula kope la sukulu n'kulemba yekha mizere.

Langa ndi looneka bwino, sindibisa. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina yosindikiza mabuku isanatsekedwe, ndipo mpaka lero mzere wokhota umandinyansa. Tsamba lililonse ndinaligawa madanga anayi: tsiku, nambala ya m'mawa, nambala ya madzulo, ndi danga lachinayi, lalikulu, limene sisita, namwino wathu wa ku kiliniki, anati tizilembamo chilichonse chimene chachitika tsikulo chosiyana ndi masiku onse. Timapepala topimira tinakwera mtengo ngati china chilichonse, ndiye sindipima tsiku ndi tsiku. Mwana wanga wa ku Kitwe akanditumizira, ndimatisunga ngati mbewu, koma ndikapima ndimalemba zoona.

Sisita anatsegula buku langa, n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anatembenuza tsamba. Anatembenuzanso lina. Kenako anaimirira, n'kulikweza m'mwamba kuti benchi lonse lione.

"Imwe bonse, onani buku ya ba Zulu! Miyezi itatu, palibe na siku imozi yamene shuga inakwela. Osati vija vamene mulemba mu minibasi pobwela kuno, bolopeni imozi, inki imozi, manambala ya mwezi wonse."

Anthu anaseka, ena akuyang'ana pansi, chifukwa aliyense amadziwa amene amatero. Ine ndinafufuma ndi kunyada.

"Muchita bwanji, ba Zulu? Bauzeniko banzanu."

"Nimvela chabe malamulo, sisita," ndinayankha modzichepetsa kwabodza kumene nonse mumakudziwa.

Ndili m'minibasi pobwerera, ndinatsegulanso bukulo kuti ndidzikondweretse ndekha. Ndinayamba ndi masamba akale, a chaka chatha, amene manambala ake ndi ochititsa manyazi. Apa 13.4. Apa 14.8. Maso anga anapita ku danga lachinayi lija. Linali lodzaza, zilembo zina mpaka kupanikizana m'mphepete. "Kwa ba Mwale, tiyi." "Maliro kuseri kwa msika, maheu." "Msonkhano wa mpingo, mabanzi." "Kwa ba Mwale, tiyi." "Kwa ba Mwale, tiyi ndi mbatata."

Ndinafika pa masamba amene sisita anakweza m'mwamba aja. 6.2. 5.9. 6.5. Manambala aulemu, oimirira bwino pamzere. Koma danga lachinayi linali loyera kuyambira pamwamba mpaka pansi, tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Miyezi itatu sindinalembemo kanthu chifukwa panalibe choti ndilembe. Sindinakacheze kwa munthu, ndipo palibe munthu anabwera kwa ine.

Sisita anaona munthu amene wagonjetsa shuga. Ine ndinaona munthu amene wakhala yekha m'nyumba miyezi itatu.

Ndikuuzeni za ba Mwale, popeza dzina lawo ladzaza theka la buku langa. Ndi mnzanga wa zaka zoposa makumi atatu, wa ku Katete, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Nyumba yawo ya lendi ili kuseri kwa yanga, ukangodutsa ngalande ndi mpope wa madzi. Chimwalirire mkazi wanga, Lamlungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndinkalunjika kumeneko. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumasewera nsolo, amene ena mumati bawo, mpaka dzuwa kupendeka. Amandibera pamasewera, ndipo amadziwa kuti ndimadziwa. Akazi awo, amake Esinati, ankabwera ndi ketulo ya tiyi, n'kugwada, n'kutithirira.

Tiyi wa amake Esinati amathiridwa shuga m'ketulo momwemo, ali pamoto. Ndi mmene amachitira ambiri m'makomboni muno, ndipo si ulesi ayi. Shuga ukamuika patebulo ndi supuni, aliyense amatapa mwa mtima wake, sabata isanathe paketi yatha. Ukamuthira m'ketulo, mayi ndiye amadziwa muyeso, ndipo aliyense amamwa chimodzimodzi, mlendo ndi mwininyumba.

Zaka zitatu chindipezere ndi matendawa, ndinkamwa tiyi ameneyo. Ndikanatani? Mayi wagwada, wakupatsa kapu ndi manja awiri. Iwe n'kunena kuti chiyani? Ndinkamwa, n'kuthokoza, n'kupita kwathu kukadzibaya chala, n'kulemba nambala yoipa ndi dzina lawo pambali pake.

Kenako linafika Lamlungu lina, kuchiyambi kwa nyengo yozizira. Sabata imeneyo maso anga ankaona zinthu ngati muli utsi, ndipo ku kiliniki ndinali nditakumana ndi bambo wina amene tinkakhala naye pa benchi, atabwera pa ndodo ziwiri, phazi limodzi palibe. Mantha anandigwira, ndipo ine ndikachita mantha ndimakalipa. Ndi khalidwe langa loipa, malemu mkazi wanga analidandaula mpaka kutopa.

Amake Esinati anabwera ndi ketulo monga mwa masiku onse. Ndinalawa kamodzi. Anali wotsekemera ngati madzi a nzimbe. Ndinaika kapu pansi n'kuikankha ndi chala kubwerera kwa iwo.

"Amake Esinati, mufuna kunipaya? Simuziba kuti nili na shuga?"

Mawu ake anali amenewo, ndipo sindinawanene moseka.

Anatola kapu ija ali chigwadire, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani, ba Zulu." Analowa m'nyumba ndipo sanatulukenso. Ba Mwale anangoyang'ana miyala ya nsolo ngati akuiona koyamba. Tinamaliza masewerawo popanda wina kubera mnzake, ndipo apo mpamene ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

Lamlungu lotsatira sindinapite. Ndinadziuza kuti ndikusamala thanzi langa. Linalo sindinapitenso. Manambala anayamba kutsika, ndipo nambala iliyonse yabwino inkandiuza kuti ndinachita bwino. Kenako ndinasiya kupita ku misonkhano ya mpingo ya m'nyumba za anthu, chifukwa kumenekonso kuli ketulo. Pamaliro ndinkangofika, kupepesa, n'kuthawa chakudya chisanatuluke. Anthu anaona. M'komboni anthu amaona chilichonse. Ndinamva mphekesera kuti ba Zulu masiku ano sadya za anthu, ndipo ndinadzitonthoza kuti amenewo ndi osaphunzira.

Mukudziwa mmene Lamlungu limatalikira munthu akakhala yekha? Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, ndiye wailesi ili chete. Umasesa m'nyumba mosesedwa kale. Umamva ana a eni ake akusewera panja, mbale zikulira kwa aneba, wina akuseka kuseri kwa mpanda. Umaphika ndiwo zako zamasamba pa mbaula, n'kudya utaimirira chifukwa kukhala patebulo wekha kumachititsa manyazi ngakhale palibe wokuona. Dzuwa likapendeka umasamba m'manja, kudzibaya chala, kudikira kamakina kaja. 6.1. Umalemba bwinobwino ndi rula pambali. Tsiku lonse amene wakuyankhula ndi kamakinako.

Ndinkasungulumwa kwambiri. Ndikunena poyera lero chifukwa miyezi itatu yonseyo ndinkakana ngakhale kudziuza ndekha.

Tsopano tiyeni tikambirane, inu ndi ine, chifukwa ndikudziwa kuti pa benchi lija si ine ndekha.

Ku kiliniki amatiphunzitsa bwino, ndipo ndikuwathokoza. Amatiuza zoti tidye ndi zoti tisiye, mmene tingasamalire mapazi, nthawi yomwera mankhwala. Koma palibe amene anandiphunzitsapo mawu oti ndinene ndikakhala m'nyumba ya munthu, kapu ili kale m'manja mwanga. Phunziro limenelo kulibe. Ife tinaleredwa kuti chakudya cha munthu sachikana. Ukakana, ndiye kuti ukumukayikira, kapena ukuona kuti mbale zake n'zakuda, kapena wayamba kunyada. Ndani wa inu sanamvepo mayi akunena kuti, "Lawaniko chabe, kang'ono sikapaya munthu"? Ndipo ndani wa inu anapeza poyankhira?

Ndiye odwala shuga timagawanika pawiri. Ena amamwa chilichonse chimene apatsidwa kuti asakhumudwitse munthu, kenako n'kukalemba manambala abodza m'minibasi kuti asakhumudwitse sisita. Amenewo onse amawakonda, mpaka tsiku lodulidwa phazi. Ena ndi ife a mabuku oyera, amene tinasankha kutseka chitseko. Sisita amatikonda, ndipo maliro athu adzachedwa kubwera, koma sindikudziwa kuti adzabwerako ndani.

Ndipo zaka zino zaipitsa nkhaniyi. Kale shuga sanali kanthu, ankakhala pa shelefu m'chitini, ana n'kumaba ndi chala. Lero mayi akakuthirira shuga mu tiyi ndiye kuti pali china chimene wasiya kugula. Kukana kapu yotero si kukana chakumwa chabe. Izi ndinkazidziwa m'mutu, monga mmene tonse timadziwira zinthu zambiri, koma zinandilowa mumtima Lachiwiri lomwelo nditatsika minibasi.

Ndinaima pa kantemba ka pakona kuti ndigule machesi. Mayi wa pa kantembapo ndi uja amene amadziwa za aliyense, ndipo sadikira kufunsidwa.

"Ba Zulu, mwasoba! Mwamvela kuti banzanu bayenda?"

"Bandani?"

"Ba Mwale. Babwelela ku Katete pa Chiwelu. Nchito kulibe, malaiti yabwela anthu bagona, bazawochelela na chani? Mashini banagulisa kudala. Imwe simuziba? Nanga si ndimwe banzawo?"

Ndinaima ndi bokosi la machesi m'manja. Mnzanga wa zaka makumi atatu anagulitsa makina amene ankadyetsa banja lake, ine ndili mbali ino ya ngalande ndikulemba mizere yowongoka. Loweruka lomweli akuchoka, ndipo ndikumva kwa wogulitsa machesi.

Mayiyo sanathere pomwepo. Anatsamira pa kauntala n'kutsitsa mawu, ngati kuti kutsitsa mawu kumachepetsa ululu.

"Na siku ija munakana tiyi, amake Esinati banabwela pano kuseni. Banatenga ka pamela ka shuga, saladi banabweza. Bakuti, lelo ba Zulu babwela, sitingabapase tiyi ya so chabe monga bali ku jele."

Pamela, kwa inu amene simugula m'makomboni, ndi kapulasitiki kakang'ono kamene ogulitsa amapimiramo shuga kapena ufa wa tsiku limodzi, ka anthu amene sangathe kugula paketi. Tsiku limenelo banja la ba Mwale linadya ndiwo zopanda saladi, mafuta ophikira aja, kuti ine ndimwe tiyi wotsekemera. Ndipo ine ndinakankha kapuyo ndi chala.

Lachitatu ndinalimbana ndi mtima wanga tsiku lonse. Kupepesa kumandivuta kuposa kudzibaya chala. Lachinayi masana ndinavala jekete, n'kutenga buku langa. Ndinalitengeranji? Ndikuganiza kuti ndinkafuna mboni. Ndinkafuna kuti manambala andiyankhulire, aonetse kuti sindinali wamwano chabe, ndinali ndi chifukwa.

Ndinapeza katundu atamangidwa kale m'masaka pakhonde. Pamene pankakhala makina owotcherera panatsala banga lakuda pa simenti. Ba Mwale anali pansi pa mtengo wa mapeyala, akumasula miyendo ya tebulo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ah, ba Zulu. Mukali moyo? Ise tinaganiza shuga inakutengani, bana banu banaibala chabe kutiuza."

"Nikali moyo, ba Mwale."

"Nkalani pa ndowa apo. Mipando yayenda kudala."

Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Amake Esinati anatuluka, anandipatsa moni waulemu wonse, uja umene umapatsa mlendo amene sukumudziwa bwino. Unandipweteka kuposa chipongwe. Ndinayamba kufotokoza za maso, za bambo wa ndodo ziwiri uja, mawu akukana kutuluka mwadongosolo. Kenako ndinangotsegula buku n'kupatsa amake Esinati.

Anapukuta manja pa chitenje n'kulilandira. Anayang'ana nthawi yaitali masamba akale aja.

"Apa palembewa 'kwa ba Mwale', ndise?"

"Ndimwe."

"Na apa. Na apa futi." Chala chawo chinkatsika pang'onopang'ono. "Paliponse pali zina yathu, nambala ni ikulu."

"Ee. Ndiye chifukwa chake, amake Esinati. Sinenze kufuna..."

Anandidula, koma osakweza mawu.

"Manje ba Zulu, zaka zitatu munali kumwa tiyi yanga, mukamba zikomo, muyenda kunyumba mutilemba mu buku? Buku munaiuza vonse. Ise munatiuzako liti?"

Ndinali nditabwera ndi mboni, ndipo mboniyo inandigwetsa ine ndemwe. Ankadziwa kuti ndili ndi shuga, inde, monga mmene timadziwira kuti wakuti ali ndi BP, wakuti ali ndi msana. Koma munthu amene amamaliza kapu yake mlungu uliwonse n'kunena kuti zikomo, ungadziwe bwanji kuti ikumupweteka? Sindinawakhazikepo pansi n'kuwauza bwinobwino. Ndinakhala chete zaka zitatu, kenako n'kukalipa kamodzi.

Anandibwezera buku n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Ba Mwale anakoka thabwa la nsolo limene linali litatsamira mtengo, n'kuyamba kuika miyala m'maenje osandifunsa ngati ndikufuna kusewera.

Patapita kanthawi amake Esinati anatuluka ndi mbaula, n'kuiika pafupi nafe, pamene ndikanatha kuona zonse. Anatereka ketulo. Madzi atawira anathiramo masamba a tiyi. Kenako anatenga kapu imodzi, anaithira mpaka kudzaza, anagwada n'kuiika patsogolo panga. Atatero anamasula kapulasitiki kamene kanali pa mfundo ya chitenje, n'kukhuthulira shuga m'ketulo, n'kutakasa, n'kuthirira amuna awo.

Anandiyang'ana.

"Ni ichi chabe, ba Zulu? Kuthila kapu yanu poyamba? Ichi ndiye chamene munatisiyila miyezi itatu?"

Ndinagwira kapuyo ndi manja awiri. Ndisananene n'komwe kuti pepani, ba Mwale, pofuna kundipulumutsa, anasuntha miyala iwiri pamene anayenera kusuntha umodzi, ine ndikuona. Ndinawasiya. Tinasewera mpaka mthunzi wa mtengo unafika pa ngalande, ndipo anandidya katatu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mutaye mabuku anu kapena muzimwa chilichonse chimene mwapatsidwa. Matendawa sachita nthabwala, ndipo phazi la bambo uja silidzameranso. Pimani, lembani zoona, mverani asisita. Koma buku si munthu. Silingakuthirire tiyi, silingakubere pa nsolo, ndipo ukadwala silingathamange kukafuna galimoto. Chimene mwaliuza bukulo, auzeninso anthu amene mumakhala nawo, mofatsa, tsiku limene mulibe mantha, kapu isanafike m'manja. Ndipo inu amayi ndi abambo olandira alendo, mlendo akanena kuti ali ndi shuga, musamukakamize kuti alaweko. Mufunseni kuti, nanga tikuchitireni bwanji? Mwina yankho lake ndi laling'ono ngati limene ine ndinalephera kulipempha.

Madzulo a Lachinayi limenelo ndinadzibaya chala monga mwa nthawi zonse. Kamakina kanati 6.8. Ndinalemba nambalayo, kenako ndinapita ku danga lachinayi n'kulemba kuti, "Kwa ba Mwale, tiyi." Aka kanali koyamba m'buku lonse kuti mawu amenewo akhale pambali pa nambala yabwino. Zikanatheka Lamlungu lililonse kwa zaka zitatu, ndi miyezi itatu yomaliza imene mnzanga ankagulitsa zipangizo zake chimodzichimodzi popanda womufunsa kuti zikuyenda bwanji.

Loweruka m'mawa ndinawathandiza kukweza masaka pa kalole kamene kanawatengera ku siteshoni ya mabasi. Thabwa la nsolo anandisiyira, ati ku Katete akakumba maenje pansi. Lili pakhonde panga, latsamira khoma. Nsolo saseweredwa ndi munthu mmodzi.

Lero ndi Lamlungu, ndipo ndikulemba izi nditachoka ku tchalitchi. Nambala ya m'mawa inali 5.8. Mwezi wamawa sisita adzakwezanso buku langa m'mwamba, ndipo benchi lonse lidzauzidwa kuti litengere chitsanzo kwa ba Zulu. Chala chawo chidzatsika pa danga lachiwiri ndi lachitatu, monga mwa ntchito yawo. Nanga lachinayili, limene layambanso kuyera, adzalifunse ndani?